Kabokosi koimbira nyimbo pabalaza: sikirini ya mainchesi angati, mabatani otani

Mbali ya zomveka inatha kale. Kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 3 Model B (mwachidule Pi), ija inatuluka mu 2016, ikuwerenga nyimbo mu fulashi n'kupereka ku ka DAC ka PCM5102A (kosandutsa nyimbo za mufayilo kukhala mawu opita ku masipika), kameneko n'kupereka ku ampu (chokwezera mawu) ya TPA3116, ampuyo n'kukankha masipika awiri omwe ndinachotsa ku wailesi yakale ya makaseti. Zonsezi zikudya pa batire la 12V lomwe sola imatchaja masana, ndiye magetsi azime asazime, nyimbo siziima. Chomwe chatsala, ndipo chikundidyera nthawi kuposa mawaya onse aja, ndi choti munthu aziuza bwanji kabokosika nyimbo yomwe akufuna.

Kumapeto kwa Julayi

Pakadali pano zonse zikuyendera pafoni yanga. Pi imaulutsa ka Wi-Fi kakekake, foni imalumikizana nako, ndimatsegula tsamba n'kusankha nyimbo popanda kudya bandulo. Kwa ine zili bwinobwino. Koma ine ndimadzukira ku ntchito ku Kamuzu Road n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo foniyo imapita nane. Mayi anga foni yawo ndi ya mabatani. Mayi a ana foni yawo ndi ya geni, ndipo ikalumikizana ndi Wi-Fi yopanda intaneti ija, mauthenga a WhatsApp a makasitomala amachedwa kufika, ndiye anaiiwalitsa dala netiwekiyo.

"Abambo, wailesi yanuyi ndi ya inu nokha? Mukachoka ife tizingoyang'ana masipika?"

Funso limeneli ndi lomwe latsegula gawo lachiwiri la ntchitoyi. Kabokosika kakhale ndi sikirini yakeyake ndi mabatani akeake, oti aliyense m'nyumba muno, kuyambira agogo mpaka mwana wa Sitandade 3, agwiritse ntchito osandiimbira foni.

Ogasiti, sabata ya makatoni

Zipangizo zoterezi kuno ku Salima sizipezeka pashelefu. Ukalakwitsa kugula ndiye kuti uyambirenso kudikira munthu wochokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndalama ija yapita. Choncho ndisanatume munthu ndinadula makatoni atatu molingana ndi mbali yowala ya masikirini omwe amapezeka kwambiri. Ya mainchesi 3.5 imakhala pafupifupi mamilimita 73 m'litali ndi 49 m'lifupi, kutanthauza kuti ndi yaing'ono kuposa chiphaso cha unzika. Ya mainchesi 5 ndi pafupifupi 108 ndi 65. Ya mainchesi 7, ija a Raspberry Pi anatulutsa mu 2015, ndi 154 ndi 86. Pa katoni iliyonse ndinajambula ndi peni mizere ya mayina a nyimbo ndi mabatani atatu: kubwerera, kuimitsa, kudumpha. Ndinamata makatoniwo pa kabati ya mbale, pomwe kabokosika kadzakhale.

Pali chinthu chimodzi chomwe ogulitsa satchula. Sikirini ya mainchesi 5 ndi ya mainchesi 7 zonse zili ndi timadontho tofanana, 800 ndi 480. Yaikuluyo sikuonetsa zambiri ayi, ikungoonetsa zomwezo mokulirapo. Ndiye funso si loti ndi iti ikwanemo nyimbo zambiri, koma loti chala cha ndani chikwane pamzere umodzi osagunda wina.

A Google m'malangizo awo kwa opanga mapulogalamu a Android amati batani logunda ndi chala lisachepere pafupifupi mamilimita 9. Ndinayeza zimenezo pamakatoni. Pa yaing'ono ija, mizere ya mamilimita 9 imakwana isanu basi, ndipo ukachotsa wa pamwamba wa mutu ndi wa pansi wa mabatani, yatsala itatu. Mufulashi muli nyimbo zikwizikwi. Pa ya mainchesi 5 imakwana isanu ndi iwiri, pa ya 7 isanu ndi inayi. Koma mamilimita 9 amenewo ndi a chala chozolowera foni. Nditawapempha mayi anga kuti aloze mzere wachitatu pa katoni yapakati, chala chawo chinaphimba wachitatu ndi theka la wachinayi, ndipo anagunda ndi mimba ya chala, osati nsonga. Ndi zala za munthu yemwe wagwira khasu ndi kukolola mpunga moyo wake wonse, sizipinda msanga. Kwa iwo mzere ufunika mamilimita 14 kapena 15. Pa sikirini ya 7 imeneyo ndi mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, pa ya 5 ndi inayi yokha.

Kenako ndinakhala pasofa, pafupifupi mamita atatu kuchokera pakabati, n'kuyang'ana makatoni aja. Palibe ngakhale imodzi yomwe ndinatha kuwerenga mayina a nyimbo. Ngakhale ya mainchesi 10 sikanathandiza, pokhapokha dzina limodzi litadzaza sikirini yonse. Apa ndinaona kuti ndikufuna kuphatikiza ntchito ziwiri zosiyana. Munthu woimirira pakabati akusaka, akufuna kwaya yakutiyakuti, ndiye ayenera kuwerenga. Munthu wokhala pasofa sakusaka kanthu, khutu lamuuza kale kuti nyimboyi sakuifuna kapena yakwera kwambiri. Woyambayo ndi wa sikirini, wachiwiriyo ndi wa rimoti. Ndikadati ndikulitse sikirini mpaka wa pasofa awerenge, ndikadangogula TV.

Mwana wanga wamkazi, yemwe ali Folomu 2, anavotera ya 7 chifukwa akufuna kuona zithunzi za oimba. Ndinamuuza kuti nkhani ya zithunzi tikambirana tikatsegula fulashi.

Ogasiti yemweyo

Mnzanga wokonza mafoni anandibwereka sikirini ya mainchesi 3.5, ija ya timadontho 480 ndi 320 yomwe imalowa pa timapini ta Pi. Ndinaiyesa ngakhale katoni inali itaikana kale. Imalumikizidwa kudzera pa SPI, njira yopapatiza, ndiye ukakoka mndandanda umatsika modukizadukiza. Chachiwiri, imakhala pa timapini 26 toyambirira, ndipo pakati pa timeneto pali kapini kotchedwa GPIO 18 komwe DAC yanga ikufuna. Njira yozembera ilipo, koma ndi ya kuwotcherera mawaya kunsi kwa bolodi.

Chimodzi chokha ndinachisirira. Galasi lake ndi lija lomva kukanikiza, loti ungagunde ndi chikhadabo, chivindikiro cha peni, ngakhale chala chonyowa. Magalasi a mafoni a masiku ano amamva magetsi a m'thupi, ndipo madzi amawasokoneza. M'nyumba yomwe wina akupala chambo, wina akutsuka mpunga, chala chouma ndi chosowa. Ndinaibweza, koma nkhani ya chala chonyowa ndaisunga.

Kumayambiriro kwa Seputembala

Mphwanga akuti ndikudzivutitsa, ndingomata tabuleti yakale pakhoma. Ilipodi ina m'dirowa ya mainchesi 8, yosweka pakona. Ndakana pa chifukwa chimodzi. Kuti izigwira ntchito nthawi zonse iyenera kukhala patchaja usana ndi usiku, ndipo batire la lithium lodzadza nthawi zonse pamalo otentha limakalamba msanga, ena amafufuma mpaka kukankha galasi. Yemwe anakhalapo ku Salima mu Okutobala m'nyumba ya malata yopanda siling'i akudziwa zomwe ndikunena. Sindikufuna chinthu choterocho pamwamba pa kabati m'nyumba momwe ana amatsala okha.

Seputembala, nkhani ya fulashi

Apa ndi pomwe panali ntchito yeniyeni. Nyimbo zambiri m'nyumba muno zinabwera kudzera kwa anyamata obena nyimbo kumsika, zina kudzera pa Bluetooth, zina m'magulu a WhatsApp. Mapulogalamu onse oimbira nyimbo amadalira timawu tobisika m'kati mwa fayilo, tonena dzina la woimba, chimbale ndi chaka. Za kumsika timawu timeneti mulibe, kapena muli dzina la shopu ndi nambala ya foni ya wobenayo. Nditatsegula mndandanda wa oimba, woimba wamkulu kuposa onse anali "Unknown Artist", wachiwiri anali mnyamata wa kumsika uja. Za WhatsApp mayina ake ndi AUD kutsatana ndi manambala a tsiku. Zithunzi za zimbale ndiye pafupifupi palibe, ndipo mwana uja ataona sikirini ya kompyuta itadzaza timabokosi totuwa anangoti, "Basi adadi, zisiyeni."

Izi zasintha maganizo anga pa maonekedwe onse. Zomwe ndimaona pa intaneti, za sikirini yodzaza zithunzi zokongola za zimbale, ndi za anthu omwe nyimbo zawo anagula zili ndi zonse. Zathu kuno zimasankhidwa ndi mtundu komanso nthawi. Palibe amene amati ndikufuna chimbale chakuti cha chaka chakuti. Mayi anga amati, "Tandiikira za kwaya." Mayi a ana pochapa amafuna rumba kapena za ku Zambia. Ine madzulo ndi reggae. Choncho njira yolowera ikhale mafoda, ndipo mayina a mafodawo ndiwo akhale mabatani.

Ndakonza motere: 1 Kwaya, 2 Zauzimu, 3 Zakwathu zakale, 4 Zakwathu zatsopano, 5 Rumba ndi Zambia, 6 Reggae. Manambalawo ndi oti mndandanda usasinthe malo, komanso mayi anga, omwe maso ayamba kuchita chifunga, nambala amaizindikira msanga kuposa mawu. Foda ya zaana ndaiika m'kati mwa yachinayi kuti ya pamwamba ikhale isanu ndi umodzi, yokwana pa sikirini imodzi popanda kukoka. Kukoka mndandanda ndi chala ndi luso lomwe ife timaliona ngati lachibadwa, koma munthu wosazolowera akakoka amagunda, akagunda amakoka.

Ndakhala madzulo angapo ndi mwana uja, iye kumvera ine kulemba, kusintha mayina a mafayilo a AUD aja. Sitinathe ndipo mwina sitidzatha. Nyimbo zina za kwaya zinajambulidwa ndi foni pamsonkhano wa amayi, zilibe dzina lina koma "ija anaimba a ku Chipoka".

Pulogalamu iti

Ndayesa zitatu zomwe anthu ambiri amagwiritsa ntchito pa Pi. Volumio ndi moOde zonse zimaonetsa zinthu kudzera pa tsamba la intaneti, ndiye kuti zioneke pa sikirini ya kabokosiko payenera kutseguka Chromium, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, m'kati mwa Pi momwemo. Pa Pi 4 mwina kulemera kwake sikuoneka, koma Pi 3 ili ndi 1 GB yokha ya RAM, memori yogwirira ntchito, ndipo ndimafuna chinthu chopepuka. Komanso masamba amenewo anapangidwira maso ndi zala za munthu wa foni, tizizindikiro take ndi tating'ono.

Ndakhazikika pa piCorePlayer. Ndi yaing'ono kwambiri, yomangidwa pa Tiny Core Linux, ndipo ikayaka imadzikopera yonse mu RAM n'kumagwira ntchito kuchokera mmenemo. Phindu lake ndi loti wina akazula waya mwadzidzidzi, mwayi woti memori khadi iwonongeke ndi wochepa. Nkhokwe ya nyimbo ikusamalidwa ndi Lyrion Music Server, yomwe kale inkatchedwa Logitech Media Server, ndipo ikuyenda mu Pi yomweyo. Za pa sikirini ndi Jivelite, yomwe si tsamba la intaneti koma mndandanda wa mizere ikuluikulu, ndipo ili ndi maonekedwe opangidwira timadontho 800 ndi 480. Imalolanso kubisa zinthu pa tsamba loyamba, ndiye ndabisa zonse kusiya kulowa m'mafoda ndi kuona yomwe ikuimba. Chichewa mulibe, koma tsamba loyamba likatsala ndi mizere iwiri ndipo mafoda ali m'Chichewa, Chingerezi chotsalacho sichisokoneza aliyense.

Wailesi za pa intaneti ndazichotsa dala. Yomveka bwino ya 128 kbps imadya pafupifupi 58 MB pa ola, pamene MBC ndi Zodiak zikumveka ulele pa kawailesi ka FM ka mayi anga.

Okutobala

Sikirini ya mainchesi 7 yafika, ija yolumikiza ndi kalamba kopyapyala pa DSI. Ndinasankha imeneyi osati za HDMI zotchipirapo chifukwa kuwala kwake kumatheka kuchepetsa kapena kuzimitsa kudzera mu pulogalamu, pamene zambiri za HDMI zotchipa zili ndi kaswitchi kumbuyo basi. Timapini ta DAC ikutisiyanso mfulu. Ilipo yatsopano yomwe inatuluka mu 2024, ya timadontho 720 ndi 1280, koma ine timadontho tambiri sindikutifuna, ndikufuna mizere ikuluikulu.

Za kuwala si nkhani ya maso okha, ndi ya batire. Sikiriniyi ikawala mokwanira imadya pafupifupi mawati 2, zomwe zikufanana ndi Pi yomweyo ikamangoimba. Kwa maola 10 ndi 20 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola). Kabatire ka 12V 7Ah kamasunga 84 Wh, ndipo ka mtovu sukayenera kukatsitsa kupitirira theka ngati ukufuna kakhalitse, ndiye zogwiritsa ntchito ndi 42. Sikirini yosazima ikanadya pafupifupi theka la zimenezo pongowalira chipinda chopanda munthu. Ndaika kuti pakatha mphindi imodzi osagundidwa izime, ukagunda iyake.

Tsiku loyamba ka LED kofiira ka Pi kamazima nthawi zina sikirini ikayaka. Kameneko kamazima mphamvu ikatsika pansi pa 4.63V. Vuto linali ka waya ka USB kopyapyala. Ndaika mawaya okhuthala, aafupi, kuchokera pa kachipangizo kotsitsa 12V, n'kukakhazika pa 5.1V. Zatha.

China chomwe makatoni sakanandiuza ndi tizilombo. Magetsi akazima usiku, sikiriniyo imasanduka nyali yokhayo pabalaza, ndipo mazenera amakhala otsegula chifukwa cha kutentha. Pa mphindi imodzi yomweyo timakhala tatera kale pagalasi, ndipo nalimata wina wadziwa, amabisala kuseri kwa chithunzi cha ukwati n'kumatsika ikangoyaka. M'mawa pagalasi pamakhala zizindikiro zake. Ndachepetsa kuwala kwa usiku mpaka pansi ndipo ndasankha maonekedwe akuda a zilembo zoyera. Tachepako. Mvula ikayamba ndi ngumbi zake tidzaonanso.

Voliyumu

Pa sikirini voliyumu ndi kamzere kokoka. Kameneka m'nyumba muno n'kosathandiza, ndipo ndinaona ndi maso Loweruka lina. Panja panamveka "Odi!", mayi a ana anathamangira pakabati manja ali ndi thovu la sopo, anagunda kuti sikirini iyake, anakoka kamzere, galasi linamva madzi m'malo mwa chala, nyimbo inalumpha n'kukwera. Mlendoyo anali mkulu wa mpingo wodzatiuza za maliro. Anachita kuzula waya wa sipika.

Kutsitsa phokoso ndi chinthu chomwe chimachitika mwadzidzidzi: foni yalira, mwana wagona, kwa aneba kwagwa zovuta, nthawi ya mapemphero yakwana ku mzikiti wapafupi. Dzanja liyenera kupeza lokha popanda maso, mumdima momwe. Choncho ndaika chopotokola chenicheni, ka KY-040, kolumikizidwa pa timapini ta Pi. Kupotokola ndi voliyumu, kukanikiza ndi kuimitsa kapena kuyambiranso. Sichisamala kuti chala chanyowa kapena chili ndi ufa. Chigubu chake ndachotsa pa wailesi ya makaseti ija, n'chachikulu, chodzaza dzanja. Chopotokola cha ampu ndachibisa kumbuyo, ndachiika pa mlingo womwe masipika angapirire, kuti anyamata akatsala okha asang'ambe makoni a masipikawo.

Kunena zoona, chiikireni chopotokolachi sikirini ikugundidwa mwa apo ndi apo. Munthu amasankha foda m'mawa, basi, tsiku lonse ndi kupotokola ndi kukanikiza. Mphwanga akuti ndiye kuti ndinawononga ndalama, kasikirini ka OLED ka inchi imodzi kakanakwana. Sindikugwirizana naye. Kusankha kwa m'mawako ndi komwe kumapangitsa mayi anga kuyatsa okha osadikira mdzukulu, ndipo pa ka OLED ka timadontho 128 ndi 64 sakanawerenga kanthu. Sikirini yaikulu yogundidwa kawiri patsiku ndi munthu yemwe kale sankakhudza n'komwe yagwira ntchito yomwe ndinaigulira.

Rimoti sinavute. Kachipangizo kolandira kuwala kosaoneka ka 38 kHz kali ndi miyendo itatu yokha, ndipo rimoti ndi ya DVD yomwe inafa kalekale. Ndaphunzitsa Pi mabatani asanu: kukweza, kutsitsa, kuimitsa, kudumpha, kubwerera. Otsalawo ndawamata tepi yakuda.

Novembala

Bokosi lamatabwa lili kwa mmisiri. Tinakangana pang'ono pa mapendekedwe. Iye amafuna sikirini iime chilili kuti bokosi lioneke ngati ka TV. Koma sikiriniyi ukaiyang'ana chammbali kuchokera pamwamba kapena pansi mitundu imasintha, zilembo zimazilala, ndipo mbali imodzi imaoneka bwino kuposa inzake. Kabati yathu imafika m'chiuno, ndiye munthu wamkulu amayang'ana chotsika. Ndinapita ndi sikiriniyo ndi batire ku shedi yake, tinaiyika pa benchi yofanana msinkhu ndi kabati, n'kumaipendeketsa ndi timatabwa mpaka tonse awiri tikuwerenga bwino titaimirira.

"Achimwene, ndiye kuti ikhale yogonera chagada pang'ono. Koma fumbi lizikhala pagalasipo."

Akunena zoona, makamaka nthawi ya mwera. Tagwirizana kuti pamwamba pakhale kadenga kotulukira kutsogolo masentimita awiri, ndipo kansalu kopukutira kazipachikidwa pambali, kakhalenso kopukutira zala.

Kumbuyo tasiya mabowo a mpweya pansi ndi pamwamba, chifukwa Pi, ampu ndi chotsitsa mphamvu zonse zimatulutsa kutentha. Mabowowo akutsekedwa ndi waya wa pazenera, apo ayi mavu amangamo ndipo nyerere zimakonda malo ofunda. Fulashi ikhala m'kati, koma ndatulutsa khomo limodzi la USB kutsogolo loti mlendo abwere ndi yake. Chopotokola chili kudzanja lamanja, pansi pa sikirini, ndipo wamng'ono wa zaka ziwiri sakufikapo pokhapokha atakokera mpando.

Zatsala ndi izi. Mafoda aja akusankhidwa bwino, koma m'kati mwa foda ya kwaya muli nyimbo mazana, ndipo mayi anga amangoyamba ndi yoyamba tsiku lililonse chifukwa ndi yomwe ili pamwamba. Ndikufuna kugunda foda kuziyambitsa nyimbo mosakaniza, osalowanso m'kati. Lyrion ili ndi njira yosakanizira, ndiyenera kungoona momwe ndingaimangirire ku mzere umodzi pa tsamba loyamba, kapena ku mabatani a manambala pa rimoti, 1 mpaka 6, zomwe zikutanthauza kumatula tepi ina. Komanso Pi ilibe wotchi yakeyake ya batire, ndiye popanda intaneti ikayaka sidziwa nthawi, ndipo kuchepetsa kuwala usiku ndikuchita pamanja. Kawotchi ka batire ka DS3231 kathetsa zimenezo, ndatuma kale mlamu wanga yemwe akubwera kuchokera ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi. Mmisiri akuti vanishi akauma bwino Lachisanu ndikatenge bokosi.